Kudzichepetsa pa Ntchito Kuyambe ndi Wokhala Pampando

Aliyense amene adagwirapo ntchito ya uphunzitsi m'dziko muno akulidziwa benchi lija limakhala pakhonde la ofesi ya maphunziro kuboma. Pabenchipo pamakhala mphunzitsi amene wadzuka tambala woyamba, wapalasa njinga mtunda wautali kapena wakwera matola ndi ndalama yobwereka, kuti adzafunse za malipiro ake amene sadatuluke, kapena za kalata yomukweza pa ntchito imene idalowa m'fayilo nkusowa. Amakhala chete, chipewa chili pabondo, ndipo chitseko chikatseguka amanyamuka msangamsanga nayamba ndi mawu akuti "pepani bwana", ngakhale kuti wolakwiridwa ndi iyeyo. Munthu ameneyu safunika kumulalikira za kudzichepetsa. Adakuphunzira kale, mwinanso adakuphunzira mopyola muyeso.

Komabe nkhani ya kudzichepetsa ikabuka pa misonkhano yathu, kawirikawiri imalunjika kwa munthu wa pabenchiyo. Amauzidwa ndi ophunzira amene akutsiriza ku koleji ya aphunzitsi, makalaliki atsopano ndi achinyamata amene angolembedwa kumene ntchito. Lero tafuna kuyankhula ndi amene ali kuseri kwa chitseko chija: aphunzitsi aakulu, alangizi, akuluakulu a nthambi za Boma, pamodzi ndi ife tomwe amene timagawira anzathu zochita. Ganizo lathu ndi lakuti kudzichepetsa kumene kumapindulitsa ntchito ndi kwa wamkulu, ndipo muyeso wake ndi uwu: kodi munthu wa pansi pake angathe kumuuza kuti "apa mwaphonya" nkukagona tulo usiku womwewo?

Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Pa ntchito iliyonse mphamvu zolamula zimakhala kumwamba, pamene kudziwa mmene zinthu zikuyendera kumakhala pansi. Amene amadziwa kuti ana a mudzi wakutiwakuti sabwera kusukulu mtsinje ukadzaza ndi mphunzitsi wa Sitandade 2, osati mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill. Amene amadziwa kumene fayilo idagona ndi mesenjala. Amene amadziwa kuti denga la chipinda chosungiramo mabuku layamba kudontha ndi mlonda. Zonsezi zimayenera kukwera makwerero kuti zikafike kwa wolamula, ndipo wonyamula uthenga aliyense amayamba wadzifunsa ngati uthengawo sumuikitsa m'mavuto. Wamkulu wodzikuza sachita kuletsa anthu kuyankhula ayi. Nkhope yake yokha imakwanira. Pakapita miyezi ingapo amayamba kulandira malipoti okoma okhaokha, ndipo amayesa kuti ntchito ikuyenda, chonsecho anthu angoleka kumuuza.

Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri ya maphunziro athu, ngakhale kuti gwero lake lili kutali. Mu 1907 mayi wina wachuma wa mumzinda wa Philadelphia ku America, Anna Jeanes, adapereka madola 1 miliyoni kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa dzikolo. Ndalamazo zinkalipira aphunzitsi oyendera anzawo, ndipo woyamba mwa iwo adali mayi wakuda, Virginia Randolph, amene mu 1908 adapatsidwa sukulu 23 za m'dera la Henrico ku Virginia. Mayiyu sankayenda kukagwira aphunzitsi zolakwa. Ankafika pasukulu, nkugwira nawo ntchito imene waipeza, nkuyendera makolo m'makomo mwawo, kufikira sukuluyo itakhala ya anthu a pamudzipo.

Njira imeneyi idafika kuno kudzera m'gulu la Phelps-Stokes, limene lidayendera sukulu za Nyasaland mu 1924, ndipo mmodzi mwa anthu ake adali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo pofika 1929 sukulu ya Jeanes idali itayamba ntchito ku Domasi, kumene lero kuli Malawi Institute of Education. Aphunzitsi osankhidwa ndi mamishoni ankapita kumeneko pamodzi ndi akazi awo, nkukhalako zaka ziwiri, kenaka nkubwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawo adayamba kuitanidwa kukachita maphunziro a miyezi ingapo. Chimene chimatichititsa chidwi pa dongosolo limeneli ndi udindo umene woyenderayo adapatsidwa. Ankayenera kukhala mthandizi wa mphunzitsi wa kumudzi, amene nthawi zambiri adali wa maphunziro ochepa kwambiri, ndi kumuonetsa kaphunzitsidwe pogwira yekha choko. Tsono woyendera amene amangokhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lake sangalephere, pakuti sakuchita kanthu. Koma amene waima pabolodi, ana nkumuyang'ana ndipo mwini kalasi nkumaonerera, wavomera kuti phunziro lingathe kumukanika pamaso pa munthu amene iye wabwera kudzamulangiza. Kudzichepetsa kwa pa ntchito kumayambira pamenepo.

Tisabise mbali ina ya mbiriyi. Maganizo omwewo a Phelps-Stokes ankati mwana wa Mwafirika amukwanira maphunziro a khasu, ukhondo ndi ntchito zamanja, ndipo dziko lino lidakhala lopanda sukulu ya sekondale mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, pamene idatsegulidwa ya ku Blantyre ndi ya Akatolika ku Zomba. Anthu onga Levi Mumba, amene mu 1944 adadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress, adalimbikira kupempha maphunziro apamwamba, ndipo sadalakwe. Pali kudzichepetsa kumene munthu amakusankha yekha ali ndi mphamvu, ndiye pali kuchepetsedwa kumene wamphamvu amakuveka dzina lokoma kuti wofooka akhale phee. Ziwirizi zimafanana nkhope, ndipo mbiri ya dziko lathu yazisokoneza kangapo.

Chitsanzo chowawa cha katswiri wosauzidwa ndi nkhani ya malimidwe, imene agogo athu ambiri amaikumbukirabe. Itatha njala ya 1949, Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby lidatsimikiza mtima kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Cholingacho chidali chabwino, pakuti nthaka inkapitadi ndi madzi. Alimi adalamulidwa kulima mizere yopingasa, kuumba milambala ndi kuzula mapesi pa masiku oikika. Wokana ankalipitsidwa faindi kapena kuponyedwa m'ndende, ndipo ena mbewu zawo zidazulidwa. Ku Chigwa cha Shire, kumene nthaka ndi yathyathyathya ndipo dzuwa limaswa mtengo, alimi adanena kuti mizere ikuumitsa msanga chinyontho m'minda mwawo, koma mawu awo adatengedwa ngati ulesi ndi umbuli. Kumeneko nkhaniyi idatchuka ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Mlangizi wa zaulimi, amene akadakhala bwenzi la mlimi, adasanduka munthu womuthawa, ndipo mkwiyo wa malimidwe udali nkhuni zina zimene zidakolezera moto wolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chidayamba mu 1953.

Dr. H. Kamuzu Banda atakhala nduna yoona za chilengedwe, zisankho za 1961 zitachitika, kukakamiza kuja kudathetsedwa ndipo alangizi adauzidwa kuti azikopa alimi ndi mawu. Yendani lero kuchokera ku Mulanje mpaka ku Mzimba, mudzaona mizere m'minda yambirimbiri popanda wapolisi woilondera. Chimene chikoti chidalephera, kuona ndi maso phindu la mnzako kudachikwaniritsa. Ndiponso, pongodutsa, akatswiri a masiku ano akulimbikitsa ulimi wa mtayakhasu, woti nthaka isamatembenuzidwe chaka ndi chaka ndipo mapesi azisiyidwa m'munda ngati chophimba. Akulimbikitsanso kubzala chimanga pamodzi ndi nandolo kapena nyemba, kasakaniza amene agogo athu ankachita kale. Sitikunena kuti sayansi ndi yachabe. Tikunena kuti nzeru ya ofesi imasintha, ndipo wamkulu amene akudziwa zimenezi amalankhula mosiya mpata wakuti mawa adzauzidwe.

Tifike tsono pa nyengo ya chipani chimodzi, imene ambiri a inu mudagwiramo ntchito kapena kuphunziramo. Mwana wa sukulu aliyense ankaloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe munthu wanzeru amene angatsutse mawu amenewa pa okha, ndipo ambiri amakumbukira ndi chisangalalo kuti maofesi ankatsegulidwa pa nthawi yake ndipo mphunzitsi ankalowa m'kalasi atakonzeka. Koma kumvera kuja kunkayenda njira imodzi, kuchokera pansi kupita kumwamba. Patangopita masabata ochepa dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zingapo zidakapereka madandaulo kwa Nduna Yaikulu, ena mwa iwo okhudza tiki yolipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'Boma malinga ndi lipoti la Skinner, ndi kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi. Pofika mu September chaka chomwecho Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo adali atachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere, amene adali nduna ya maphunziro, adatula pansi maudindo. Amene adalakwa ndi amene adakhoza pa mkanganowo tiwasiyire olemba mbiri. Chimene ife tikuona ndi phunziro limene wogwira ntchito m'Boma aliyense adatolapo: ngati nduna yagwa chifukwa chofunsa, kalaliki ndani kuti atsegule pakamwa?

Zipatso za phunzirolo aphunzitsi adazilawa mu 1989, pamene lidatuluka lamulo lakuti aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo. Aphunzitsi ambiri ochokera kumpoto adalongedza katundu, ndipo sukulu za pakati ndi kummwera zidataya anthu odziwa ntchito amene sakadalowedwa m'malo msanga. Mphunzitsi wamkulu aliyense amene adawerenga mayina a aphunzitsi ake adaona chimene chikubwera, koma lamulo lidatsatidwa. Padatenga kalata ya maepiskopi a Katolika, imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, kuti zimene anthu ankanong'onezana zinenedwe poyera, kuphatikizapo kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993 anthu 63 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri. Ndipo chilungamo chitikakamiza kunenanso ichi: atagonja pa chisankho cha pa 17 May 1994, Dr. Banda adayankhula pa wailesi navomera kugonjako, chinthu chimene atsogoleri ambiri a mu Africa chidawakanika. Mawu a tsiku limenelo adapulumutsa dziko ku zambiri. Akadamveka kale mawu a mtundu womwewo pa nkhani zing'onozing'ono, mwina zina sizikadafika pamene zidafika.

Koma tisanamize nyengo imene idapita ngati kuti matendawa adapita nayo. Chipani chimodzi chidatha, koma timipando tambiri tidatsala ndi khalidwe lomwelo, ndipo mwina owerenga ena akudziwa sukulu imene mphunzitsi wamkulu amatsegula msonkhano wa aphunzitsi ponena maganizo ake onse, kenaka nkufunsa ngati alipo wotsutsa.

Mu 1994 Boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Padalembedwa aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene sadapite ku koleji. Adangophunzitsidwa masabata ochepa nkupatsidwa makalasi, ena a pansi pa mtengo. Kuyambira mu 1997 ambiri a iwo adayamba kuphunzitsidwa ali pa ntchito kudzera mu pologalamu ya MIITEP. M'nyengo yomweyo dziko lidagawidwa m'mazoni oposa 300, ndipo woyang'anira zoni adapatsidwa dzina la mlangizi, amene tonse timangoti a PEA. Kunali ngati kubwerera ku ganizo lija la ku Domasi. Dzina lidasintha, koma ngati mtima udasintha nawo, a PEA eniake ndiwo angayankhe, aliyense podzifunsa kuti ndi liti pamene adagwira choko m'kalasi la mphunzitsi amene adapita kukamuyendera.

Pa nkhani ya aphunzitsi a 1994 amenewa mkonzi wanu ali ndi ngongole yoti aulule. Nditatuluka ku koleji ya aphunzitsi ndidatumizidwa ku sukulu ina ya kumudzi, nkupatsidwa Sitandade 1, ana oposa 100. Kalasi linzake lidali la mayi wina amene adalowa ntchito m'chaka cha fizi yaulere ali ndi satifiketi ya JC yokha. Ine ndidafika ndi sikimu yolembedwa bwino ndi mawu akuluakulu a kukoleji, ndipo mumtima ndinkawaona mayiwo ngati munthu wongogwirizira malo. Koma ikamakwana 10 koloko kalasi langa linkayamba kuphwa ngati dziwe la m'chilimwe. Ana ankapempha kupita kuseri osabwerera, otsala nkumasinza kapena kumenyana. Kutsidya kwa khoma kunkamveka nyimbo ndi kuwerenga mpaka nthawi yoweruka. Ndidadziuza kuti mayiwo akungosewera ndi ana, ine ndiye ndikuphunzitsa.

Teremu yonse idatha ndisadafunse. Mayeso atabwera, ana a mayiwo ambiri ankatha kulemba mayina awo ndi kuwerenga mpaka 20, pamene anga ochuluka sankasiyanitsa "a" ndi "o". Pamenepo ndidapita, manyazi ali m'khosi, nkunena kuti, "Mayi, mundithandize, ana andikanika." Iwo sadaseke. Adandiyankha kuti, "Aphunzitsi, ana awa sadziwa kuti muli ndi satifiketi. Mubwere mawa mudzakhale kumbuyoku." Ndidakhala kumbuyo kwa kalasi lawo masiku atatu ngati mwana wa sukulu. Ndidaona kuti zovuta zonse ankaziphunzitsa mmawa, njala isadayambe kuluma. Kuti ana adawagawa m'magulu a midzi yawo, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wodziwa amene wajomba ndi chifukwa chake. Kuti masamu ankawerengera zitsekerero za mabotolo ndi timiyala. Ndiponso kuti tsiku la msika sankayamba phunziro latsopano, podziwa kuti theka la ana likhala kumsika ndi amayi awo. Zina mwa izi zidalimo m'mabuku a kukoleji, koma ndidaziona zikugwira ntchito koyamba m'manja mwa munthu amene ndinkamuderera.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si manyazi a tsiku limenelo ayi. Ndi teremu ija. Ana oposa 100 adataya miyezi itatu ya chaka chawo choyamba, chaka chimene mwana amasankha mumtima ngati sukulu ndi yake kapena ayi, ndipo ena mwa amene adaleka kubwera m'miyezi imeneyo sindidawaonenso. Mtengo wa kudzikuza kwa mphunzitsi salipira mphunzitsiyo, monganso mtengo wa kudzikuza kwa dokotala amalipira wodwala, wa mlangizi nkulipira mlimi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pa ntchito za Boma kawirikawiri phulalo amadya ndi ena.

Chodabwitsa nchakuti makolo athu adaikonza kale nkhaniyi, ndipo ife ophunzira ndife tidaitaya. Pitani pabwalo la milandu kumudzi. Mfumu siyamba kuyankhula. Amayamba ndi odandaula, kenaka woyankha, ankhoswe, mboni ndi nduna, ndipo mfumu imatsekera pamapeto itamva zonse. Dongosololi lili ndi nzeru yake: mfumu ikadayamba, palibe akadanena zosiyana nayo, ndipo bwalo likadangokhala lowombera m'manja. Polonga ufumu, wolowa dzinayo amayamba wakhazikidwa pansi nkulangizidwa ndi akuluakulu, amayi ndi abambo, amene mawa lake adzakhala anthu ake. Amauzidwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndi kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Kodi ndi mphunzitsi wamkulu uti, kapena mkulu wa ofesi uti, amene polandira udindo adayamba wakhala pansi kuti aphunzitsi, makalaliki ndi alonda amuuze mmene malowo amayendera? Ambiri timafika ndi tsache, tisadadziwe nkomwe kumene kuli zinyalala.

Choncho pempho lathu kwa otsogolera misonkhano ya aphunzitsi ndi ya m'maofesi ndi laling'ono, losafuna bajeti. Yambani mwafunsa wamng'ono pa onse, inu mudzayankhule pomaliza. Wina akanena chimene simudachiganize, nenani pomwepo kuti simudachiganize. Lipoti likamapita kumwamba, dzina la amene adagwira ntchitoyo lipite nalo, chifukwa palibe chimene chimapha mtima wa wantchito msanga kuposa kuona thukuta lake litasainidwa ndi wina. Ndipo mukalakwitsa pagulu, mukonzenso pagulu. Ena amaopa kuti akatero ulemu wawo utha. Ife taona zosiyana: aphunzitsi amadziwa kale kuti ahedi alakwitsa, chimene amadikira ndi kuona ngati ahediwo akudziwa. Kudzichepetsa kotere sikulanda wamkulu mphamvu zodzudzula waulesi kapena kulanga wakuba. Kumangochititsa kuti chidzudzulo chake chikhale cholemera, popeza onse akudziwa kuti mwini wake amalola kudzudzulidwa.

Kwa a pabenchi paja tili nawonso mawu, ngakhale ochepa. Kufikisa manja, kuseka nthabwala zosaseketsa za abwana ndi kuvomera chilichonse, kumeneko si kudzichepetsa. Nthawi zina ndi mantha, nthawi zina ndi malonda a munthu wofuna kukwezedwa. Kalaliki amene waona kuti chiwerengero chalakwika nkukhala chete kuti asakhumudwitse wamkulu wadziika yekha patsogolo pa ntchito, chimodzimodzi wodzikuza uja. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Chichewa chathu nchodzala ndi njira zaulemu zonenera zowawa: munthu amatha kuyamba ndi "mwina ndine ndaona molakwa" nkutsiriza atanena zonse. Ulemu ukhale m'kanenedwe, koma chonenedwacho chifike chathunthu.

Titsirize ndi nkhani imene dziko lonse lapansi likuidziwa, koma tiione kumbali imene kawirikawiri siitchulidwa. William Kamkwamba adabadwa mu 1987 ndipo adakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itasesa chuma cha makolo ake, adaleka sukulu ya sekondale posowa fizi. Adayamba kubwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo m'buku lina lotchedwa Using Energy adaona chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chidali chomuvuta, motero ankatsata zithunzi. Ndi mitengo ya bulugama, mapaipi a pulasitiki, chopukusira mphepo cha thirakitala, njinga yakutha ndi dayinamo, adaimika nsanja imene idayatsa getsi m'nyumba ya makolo ake, ali ndi zaka 14. Pamene ankatoleza zitsulo kudzala anthu ankati wapenga.

Makinawo adazungulira pamudzipo zaka zingapo akuluakulu a maphunziro osawadziwa. Mu 2006 anthu a bungwe la Malawi Teacher Training Activity, amene adabwera kudzaona za laibulale ija, adaiona nsanjayo nakauza mkulu wawo, Dr. Hartford Mchazime. Taganizani mmene uthengawo ukadathera m'maofesi ambiri. Mnyamata wosatsiriza Fomu 1, wa kumudzi, wapanga magetsi ndi zinyalala: wamkulu akadamwetulira, nkunena kuti mnyamatayo alembe kalata kapena abwere yekha adzadikire pabenchi. Dr. Mchazime, munthu wa digiri ya udokotala pa maphunziro, adanyamuka yekha kupita kwa Wimbe, nakaima pansi pa nsanja ya bulugama kufunsa mafunso, mnyamata wosiya sukuluyo nkumamufotokozera. Pambuyo pake adabwereranso ndi atolankhani, ndipo nkhaniyo idatuluka mu Daily Times mu November 2006. Adalimbikiranso ku unduna wa maphunziro kuti mnyamatayo apezeredwe malo, mpaka adalowa sukulu ya sekondale ya Madisi.

Mu 2007 Kamkwamba adakayankhula pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania, kenaka adakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 adalandira digiri ku Dartmouth College ku America. Buku la mbiri yake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba ndi Bryan Mealer, lidatuluka mu 2009, ndipo kanema wake adatuluka mu 2019. Mabuku amene adamutsegula maso adali pa shelefu ya sukulu ya pulayimale, m'manja mwa mphunzitsi wosunga laibulale amene ankalola mwana wosavala yunifolomu kubwereka, kubweza ndi kubwerekanso.